Journal ikufuna madola, Wellcome ikufuna CC BY, tichite bwanji?

Wofufuza za malungo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pepala lathu lalandiridwa ku journal ina imene anthu amalipira kuti awerenge, koma akuti likhale lotseguka kwa aliyense tipereke APC (ndalama imene olemba amalipira kuti pepala litsegulidwe) yoposa madola 3,000. Ndalama za kafukufukuyu ndi za Wellcome, bungwe lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, ndipo iwo akufuna pepala likhale mu Europe PMC (nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku) tsiku lomwelo lotuluka, pa laisensi ya CC BY, yolola aliyense kuligwiritsa ntchito bola atchule olemba. Fomu ya copyright sitinasayine. Poti Malawi ili mu Gulu A la Research4Life (maiko osauka amene amapatsidwa mwayi wowerenga ma journal kwaulere), sangatikhululukire ndalamazi?

Wa kulaibulale: Adokotala, fomuyo musaikhudze kaye. Journal yanuyo ndi ya hybrid (owerenga amalipira, koma imatsegula pepala olemba akalipira APC), ndipo makampani ambiri osindikiza amakhululuka APC pa ma journal otseguka kotheratu okha, komanso pempho limayenera kupita pamene mukutumiza pepala, osati litalandiridwa kale. Wellcome nayonso salipira hybrid. Njira yanu ndi kope lomaliza la Word lija, lomwe lakonzedwa kutsatira ndemanga za ma reviewer koma kampani isanaliike m'mapeji ake. Ndilo limatchedwa AAM (Author Accepted Manuscript). Funso langa: potumiza pepala munalembamo mawu a Wellcome onena kuti olemba aika kale CC BY pa AAM iliyonse yochokera m'pepalalo?

Wofufuza za malungo: Ali mu gawo lothokoza opereka ndalama, pamodzi ndi nambala ya grant.

Wa kulaibulale: Basi mwapulumuka. Lamulo la Wellcome la mawu amenewa linayamba pa 1 Januwale 2021, ndipo laisensiyo inakhalapo mgwirizano wa kampani usanabwere. Sankhani kusindikiza mwa nthawi zonse, kosalipira. Werengani fomuyo mzere ndi mzere. Ngati ikunena za embargo (nthawi yoletsa kuika pepala poyera) ya miyezi 6 kapena 12 pa AAM, lemberani mkonzi, mumukumbutse mawu aja, ayankhe polemba musanasayine. Kenako lowani mu Europe PMC plus (tsamba limene olemba amatumizirapo AAM ku Europe PMC), ikani fayilo ya Word, zithunzi ndi matebulo, lembani nambala ya grant, embargo ikhale ziro. Iwo amalikonza n'kukutumizirani kuti muvomereze. Apa ndiye ambiri amagonapo: imelo yovomerezayo ikakhala osayankhidwa, pepala silituluka. Ndipo musaike PDF ya kampani yokhala ndi chizindikiro chawo, imeneyo si yanu.

Mphunzitsi wa za chiwerengero: Ngati pa olemba pali wa ku yunivesite ya ku Britain, afunseni ngati sukulu yawo ili ndi mgwirizano wa read and publish (wolipiriratu kuwerenga ndi kusindikiza pamodzi) ndi kampaniyo. APC imatha yokha akakhala corresponding author, wolemba woyankha mafunso a pepalalo.

Mkonzi wa journal: Zimatheka, achimwene, koma ine sindingalangize. Ntchito yagwiridwa kuno, ndiye dzina loyankha mafunso lipite kunja chifukwa cha invoice? Ma journal ambiri salolanso kusintha olemba pepala litalandiridwa popanda aliyense kusayina, ndipo zimachedwetsa. Njira ya AAM ikukwana.

Wa kulaibulale: Ndikugwirizana nawo. Pepala lotsatira, yang'anani journal mu DOAJ (mndandanda wa ma journal otseguka) ndi Open Policy Finder (malamulo a journal iliyonse) musanatumize, kapena pitani ku Wellcome Open Research kumene Wellcome imalipira yokha. Za data, nkhokwe ya pa intaneti ya Zenodo imapereka DOI (nambala yosasintha yopezera fayilo) kwaulere, koma chotsani mayina a midzi ndi masiku obadwa, ndipo onani ngati fomu yachilolezo imene komiti ya ethics inavomereza ikulola kugawana.

Wofufuza za malungo: Zikomo nonse. Fomuyo ili ndi embargo ya miyezi 12, ndiye ndikulembera mkonzi lero lomwe.