Fielder ya banja: nditenge NZE141 kapena NZE161?

Wofunsa: Akuluakulu, moni nonse. Ndikufuna kuitanitsa Toyota Corolla Fielder ku Japan, yoti tizikwera anthu asanu, nthawi zina kunyamulanso matumba a chimanga. Msewu wake ndi wa ku Machinjiri, wokumbikakumbika nthawi ya dzinja. Ndaona NZE141 ya 2010 ndi NZE161 ya 2014, zonse 1500cc. Zimasiyana pati kwenikweni? Nanga CVT, mtundu wa giyabokosi ya otomatiki anthu amatiopseza nayoyi, ndi yovutadi?

Makaniko wa ku Ndirande: Achimwene, injini ndi imodzi, 1NZ-FE, ya tcheni osati lamba. Imalowa oyilo malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, ndipo zipangizo zake zili mbwee ku Limbe ndi kuno ku Ndirande. Kusiyana kuli pa thupi. 141 (2006 mpaka 2012) ndi yayitaliko, mamita 4.42, thanki ya malita 50. 161 inayamba 2012, anaimanga pa maziko a Vitz: mamita 4.36, yopepuka, thanki ya malita 42. Imamwa mafuta pang'ono, koma pa msewu ngati wanuwo 141 ndiyo imakhazikika bwino.

CVT si yoipa, amaipha ndi anthu. M'kati mwake mulibe magiya ngati a galimoto zakale, muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Lambayo amafuna oyilo wakewake, Toyota CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka cha galimoto. Wina akathiramo ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba ngati ya Fielder yakale ija ya NZE121, lamba amayamba kuterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, kenako kulira kwa "wiii" mukaponda moto. Pamenepo ndalama zapita. Galimoto ikangofika, sinthani oyiloyo musanayende nayo kwambiri, pambuyo pake pa makilomita 40,000 alionse. Zambiri zilibe kachitsulo koyezera, muyezo amaonera pa bawuti ya pansi oyilo atafunda, ndiye musapatse aliyense wongogwira sipanala.

Dalaivala wa Chikwawa: Kuwonjezera pa abwanawa: mukaima pachitunda ngati cha ku Chilomoni, gwirani ndi buleki. Osaigwira ndi moto ayi, oyilo amatentha. Potsetsereka mapiri a ku Chikwawa ikani giya pa B kuti injini izithandiza mabuleki.

Mayi wogulitsa zipangizo, Limbe: Za chimangazo samalani bambo. Mpando wakumbuyo umapindika mbali ziwiri, malo amakhala ambiri, koma masipuling'i ndi a galimoto yaing'ono. Kuchokera pansi pali masentimita 15 kapena 16 basi. Anthu asanu ndi matumba awiri a makilogalamu 50, kumbuyo kwakhala kale pansi, ekizozi ikukhula mabampu. Zoyamba kutha zimakhala mashoko akumbuyo ndi mabushi. Matumba akachuluka, pindani mipando muyende awiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga ya 4WD siingandithandize pamatope?

Wothandiza kuombola galimoto: Imeneyo ndi NZE144 kapena NZE164. Imathandizadi poterera, koma sikwera kuposa inzake, imamwa mafuta ochulukirapo, ndipo zipangizo zakumbuyo kwake zimasowa. Zambiri zimachokera kumadera a chipale chofewa komwe amathira mchere mumsewu, choncho pemphani zithunzi za kunsi muone dzimbiri.

Musanalipire, werengetsani msonkho wa MRA, chifukwa umatengera chaka ndi kukula kwa injini. Galimoto yakale imatchipa ku Japan koma msonkho wake umakwera, moti ya 2010 ikhoza kudzafanana mtengo ndi ya 2014 ikafika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Pa auction sheet, chikalata chosonyeza mmene galimoto ilili poigulitsa ku Japan, funani giredi 4 kapena 3.5. Mukaona R, ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Onaninso matayala: akakhala a nyengo yozizira, ofewa aja okhala ndi timizere tambirimbiri, satenga nthawi pa phula lotentha, asintheni. Funsaninso ngati ili ndi tayala la sipeya, zina za 161 zimabwera ndi kapampu ndi kabotolo komatira basi.

Makaniko wa ku Ndirande: Ndinaiwala wailesi. Ya ku Japan imathera pa 90 FM, ndiye mawayilesi ambiri akuno simuwamva mpaka muikitse expander, kachipangizo kothandiza wailesiyo kugwira mawayilesi opitirira 90 FM.