Ndithandizeni maganizo: mbiri ya amayi aakulu ndiilembe bwanji?

Moni nonse a pagulu pano. Pepani ndilemba zambirimbiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Amayi aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka, anatisiya chaka chatha. Ndiwo anandilera kuchokera ndili giredi 4. Mu Okutobala tikukavundukula chiliza kumudzi, njira ya ku Chadiza, ndipo banja landisankha ine kuti ndilembe mbiri yawo yokawerenga tsikulo.

Chondiwawa n'chakuti pamaliro paja mbiri inatha mphindi ziwiri zokha. Anabadwa chaka chakuti, anakwatiwa chaka chakuti, asiya ana atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, anali a Chigwirizano. Kwatha. Ngati kuti zaka 74 zonsezo ankangokhala pakhonde n'kumatongola chimanga.

Munthu ameneyu anabadwa tauni ino ya Chipata ikutchedwabe Fort Jameson. Anayamba ndi uphunzitsi wa kupulayimale, kenako anapita ku UNZA, yunivesite ya Zambia, ali kale ndi ana atatu, ana n'kuwasiya kwa ambuya. Atabwerako anaphunzitsa aphunzitsi pa koleji kwa zaka zambiri. M'ma 1980, nthawi ija anthu ankagona pamzere wa mafuta ophikira ndi sopo, malipiro sankafika pakati pa mwezi, ndiye anayamba kugula nsawa za Chalimbana m'midzi. NAMBOARD, bungwe la boma logula mbewu, itatha, msika utatseguka, ankadzaza lole kupita nayo ku Lusaka, iwo atakhala kutsogolo ndi dalaivala, kabuku m'manja. Kenako chigayo, kenako shopu ku Kapata. Anakhalaponso khansala kamodzi. Lamulo lolola atsikana obereka kubwerera kusukulu litabwera mu 1997, ankayenda khomo ndi khomo kukawatenga, ena ankabisala kuseri kwa nkhokwe akamva galimoto yawo.

Koma sindinama, anali okhwima mtima pa ndalama. Ngongole iliyonse ankalemba, kaya ndiwe m'bale kaya ndiwe mlendo. Atapikisananso pa ukhansala analuza chifukwa anakana kugawa zitenje. Pali abale amene mpaka lero akamva dzina lawo amangoti "hmm".

Tsopano amalume akuti za bizinesi ndi ndale ndisatchule, pamanda sitiwerengerapo chuma. Ana a malemu a ku Lusaka akufuna chiliza chamtengo wapatali, matenti ndi ng'ombe yopha. Ine mtima wanga uli pa kuyambitsa kathumba kothandiza atsikana a sukulu m'dzina lawo. Ndichite bwanji? Ndipo zakuuma mtima zija ndiziike kapena ndizikwirire?

Mphunzitsi wopuma, Petauke
Mwana wanga, pepa ndi maliro. Momwe wafotokozeramu ndikuona ngati amenewo anandiphunzitsako. Ngati ndi omwewo, anandibwezera kope langa lokonzekera phunziro katatu, inki yofiira tho, ine ndili kale ndi ndevu. Lemba mbiri ziwiri. Yapamanda ikhale yaifupi, anthu adzakhala padzuwa la Okutobala. Yaitali ikhale kabuku, ngakhale masamba khumi ndi awiri, musindikize m'tauni mugawe. Usalembe wekha uli m'chipinda. Tenga foni, pita kwa amene anawaphunzitsa, kwa dalaivala wa lole uja ngati akadali moyo, kwa amayi a Chigwirizano, ujambule mawu awo. Achikulirefe tikutha, usadikire.

Bambo wa ku Katete
Achemwali, ine ndikuona kuti mukufulumira kuwaweruza amalume. Kwathu kuno mwini mbumba ndi iwowo, ndipo tsiku limenelo adzayankhula kwa amfumu ndi iwowo, osati inu. Munawafunsa chifukwa chake akukana? Kapena munangolemberana pa WhatsApp? Kwerani basi, mutenge shuga ndi sopo, mukakhale pansi. Munthu wamkulu akati "usatchule chuma" nthawi zambiri pali chilonda chimene akudziwa iye, inu simukuchidziwa.

Wolemba funso
Zoona bambo, tinangolankhulana pa foni, ndipo ndinakweza mawu. Ndamva.

Mayi wa pa msika wa Kapata
Ine izi zimandipsetsa mtima kwabasi. Mwamuna akamwalira amawerenga ngakhale za njinga imene anagula mu 1975. Mzimayi amene waphunzitsa ana ndi ndalama za tomato amangoti "anali wokonda kupemphera". Kupemphera ankapemphera inde, nanga fizi inkagwa kumwamba? Mwana iwe, tchula lole, tchula chigayo, tchula zonse. Ndipo kabuku ka ngongole kaja usataye. Ife ochita malonda timadziwa kuti wolemba ngongole ndi amene amakongoza. Woumira weniweni alibe kabuku chifukwa sapatsa munthu. Ukawerenge uone kuti ndi angati anayamba geni ndi ndalama za mayi ameneyo.

Mnyamata wa ku Kasama
Inu akum'mawa mukukangana za ng'ombe, si mungowotcha mbewa zanu zija anthu n'kukhuta? Tiuzeni tsiku, ife Abemba, ambuya anu a nthabwala, tibwera ndi paudala ndi mbale yotolera ndalama. Koma pepani kwambiri mlongo, anali mayi wamphamvu.

Wolemba funso
Hahaha mwandiseketsa koyamba sabata ino. Bwerani, koma anyani musiye kwanu.

Mlongo wogwira ntchito za malamulo, Lusaka
Ine ndingokhudza za kathumba. Choyamba, ndalama zichokera kuti? Ngati mukuganiza za chuma cha malemu, samalani. Ngati sanasiye wilu, lamulo la 1989 logawa chuma chamasiye limati ana atenge 50 peresenti, mwamuna kapena mkazi wotsala 20, makolo 20, ndipo amene ankadalira malemu 10. Inu monga mwana wa mng'ono wawo simungangotengako n'kunena kuti ndi za atsikana, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani. Pafunika ana awo ndi woyang'anira chumacho agwirizane, makamaka polemba. Njira yosavuta ndi yosonkha mwaufulu, aliyense m'thumba mwake.

Chachiwiri, kuyambira 2022 fizi m'sukulu za boma inachotsedwa mpaka giredi 12, ndipo CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, imalipirira ena ovutika ku sukulu zogonera komweko. Ndiye funsani kaye aphunzitsi kuti chikubweza atsikana kunyumba n'chiyani lero. Mwina mupeza kuti ndi yunifomu, nsapato, mapadi, kapena mtunda. Njinga imodzi ikhoza kusunga mwana pasukulu kuposa phwando. Mukafuna kutolera ndalama kwa anthu akunja kwa banja, kalembetseni kwa Registrar of Societies, ofesi ya boma yolembetsa mabungwe, ndipo akaunti ikhale ya osayinira awiri kapena atatu. Tathetsa milandu yambiri ya timathumba ta chikumbutso timene tinathera m'foni ya munthu mmodzi.

Mayi wa Chigwirizano, Madzimoyo
Ndikusiyana nawo pang'ono amene akunyoza chiliza. Ana aja amayi awo ndi amenewo, asiyeni awamangire. Mwina ali ku Lusaka sanathe kuwadwazika, ndiye mwala umenewo ndi kulira kwawo. Iwe ukaima n'kunena kuti ndalama za chiliza zipite kwa atsikana, adzamva ngati ukuti iwe ndiwe unkawakonda kwambiri. Chiliza chimangidwe, kathumba uyambe padera, ndipo upemphe mwana wawo woyamba kuti ndiye akalengeze. Za kuuma mtima, pali kanenedwe kake. "Amayi sankaseka ndi ulesi, ndipo ambirife tinalawako." Anthu adzaseka, adzagwedeza mitu, palibe adzapsa mtima. Koma mayina a angongole ayi, chonde.

Wophunzira pa UNZA
Mayi Irene Mambilima atamwalira mu Juni 2021, wailesi zonse zinanena kuti anali mzimayi woyamba kukhala mkulu wa oweruza milandu onse m'dziko muno, ndiponso kuti anatsogolerapo bungwe loyendetsa zisankho. Palibe anangoti asiya ana angati n'kukhala pansi. Amayi anuwo sanafike pamenepo, koma kudera kwanu ndiwo anali oyamba pa zambiri. Kabuku kakatuluka mupereke kamodzi ku koleji kumene ankaphunzitsa, kena ku sukulu ya kumudzi. Muike zaka zenizeni, muone pa masatifiketi ndi makalata a ntchito, chifukwa zapakamwa zimasinthasintha.

Bambo wa ku Lundazi
Ine ndingofunsa, amuna awo a malemu ali moyo? Chifukwa mbiri yotamanda mkazi pa chuma, mwamuna atakhala pomwepo pa mpando wakutsogolo, ena adzayamba kunong'onezana.

Wolemba funso
Anatsogola kale, bambo, mu 2011. Ndipo iwowo ndi amene ankasunga ana pamodzi ndi ambuya, amayi ali ku yunivesite, ndiye nawonso ndiwatchula.

Wolemba funso (patapita masabata awiri)
Ndabweranso kudzakuuzani momwe zayendera. Ndinapita kumudzi Loweruka monga ananenera bambo a ku Katete. Ndinagwada, ndinapepesa za pa foni paja. Amalume anakhala chete nthawi yaitali, akungosenda nzimbe, kenako anati, "Kabuku kaja kali ndi iwe?" Ndinati eya. Anati, "Tsegula chaka cha njala chija, 1992."

Dzina lawo lilimo. Matumba anayi a chimanga ndi ndalama za feteleza. Chaka chotsatira amayi aakulu anabwera kudzatenga ng'ombe yawo yapangolo, anthu akuona, ndipo sanalankhulane zaka zitatu. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Chimene amalumewo sankadziwa n'chakuti patsamba lakumbuyo analembapo kuti ng'ombeyo inagulitsidwa ndipo ndalama zake zinalipirira mwana wamkazi wa amalume omwewo ku sekondale, amene iwo ankafuna kuti akwatiwe. Msuweni wangayo lero ndi namwino. Ndinawawerengera. Sanayankhe, anangonyamuka kupita kukhola.

Madzulo anandiitana n'kuti ndilembe zonse, lole, chigayo, ukhansala, koma nkhani ya ng'ombe akanena okha ngati mtima udzawalola. Chiliza chimangidwa monga akufunira a ku Lusaka. Za kathumba achimwene aakulu, mwana woyamba wa malemu, avomera kulengeza, tiyamba ndi atsikana awiri, njinga ndi yunifomu.

Aphunzitsi a ku Petauke, ndakutumizirani dzina ku inbox. Ngati ndi omwewo, kodi kope lija la inki yofiira mukadali nalo? Ndikufuna ndijambule tsamba limodzi likalowe m'kabuku.