Kuonetsa ana mafunde a mawu pa foni

Mphunzitsi wa ku Namwera: Aphunzitsi anzanga, kusukulu kwathu kulibe oscilloscope, makina oonetsa mafunde pa sikirini. Ndingawaonetse bwanji ana mafunde a mawu?

Wa ku Monkey Bay: Ikani pulogalamu ya Phyphox pa foni, ndi yaulere, ikalowa sifunanso bandulo. M'kati mwake tsegulani Audio Scope, gawo loonetsa mafunde a mawu. Mwana aimbe "aaa" mosadukiza, foni ili masentimita 20 kuchoka pakamwa. Akafuula, mafunde amatalika m'mwamba. Akaimba mawu aang'ono ngati a soprano, amathithikana. Ana ambiri amasokoneza ziwirizi, choncho musinthe chimodzi pa nthawi.

Wa pa Boma: Aphunzitsi, agwirenso pakhosi amve kunjenjemera. Mawu a bambo amakhala pafupifupi 85 mpaka 180 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi), a mayi 165 mpaka 255.

Wa ku Malindi: Tsekani mawindo. Mwera ukawomba pa maikolofoni, mzere umangovinavina osawerengeka.