Mayi akachira n'kuyamba kutaya magazi: komiti ya chipatala iyang'ane chiyani?

Wakomiti_Yachipatala

Moni nonse, makamaka azamba ndi madokotala muli pano. Makomiti a zipatala zazing'ono amauzidwa kuti azionetsetsa kuti amayi oyembekezera akuthandizidwa bwino. Koma tikalowa kumateneti, ambirife timangoona ngati pansi pakolopedwa komanso ngati azamba afika pa nthawi yake. Chonsecho timamva kuti kutaya magazi ndiko kukutimalizira amayi akangochira. Kodi munthu wosaphunzira zachipatala angafunse chiyani kuti adziwe ngati chipatala chili chokonzeka? Kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse m'Malawi muno ankachirira kuchipatala. Nanga zikuvutira pati?

Mzamba_Wakumudzi

Zikomo bambo pofunsa. Vuto lalikulu ndi kuchedwa kuzindikira. Timati mayi wataya magazi ambiri akafika mamililita 500 m'maola 24 oyamba, omwe ndi ofanana ndi botolo limodzi la madzi la hafu lita. Koma magaziwo sagwera m'botolo. Amalowa m'chitenje, ena pamatiresi, ena amasakanikirana ndi madzi a mwana, ndipo diso la munthu, ngakhale mzamba wazaka zambiri pantchito, limachepetsa. Mayi wachitsikana thupi lake limalimbalimba, BP imaoneka bwino, amayankha mukamulankhula, kenako amangofooka mwadzidzidzi. Mukadikira BP kuti itsike, mwachedwa kale. Kugunda kwa mtima ndiko kumayamba kukwera.

Ndiye funso loyamba likhale lakuti: magazi mumayeza bwanji? Pali pulasitiki yoyala pansi pa mayi, yokhala ndi thumba la mizere yoonetsa mamililita. Mu 2023 zotsatira za kafukufuku wa E-MOTIVE, yemwe adachitika m'zipatala pafupifupi 80 ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, zidaonetsa kuti komwe ankagwiritsa ntchito pulasitikiyi ankazindikira amayi 93 mwa 100 otaya magazi, pomwe kongoyerekeza ndi maso ankazindikira 51 okha. Pophatikiza ndi kupereka thandizo lonse nthawi imodzi, mavuto aakulu adatsika ndi 60 pa 100.

Mawu akuti "nthawi imodzi" ndiwo mutu wa nkhani. Kale tinkayesa chimodzi, n'kudikira, chikakanika n'kuyesa china. Tsopano magazi akafika 500, kapena 300 koma mtima ukuthamanga kapena BP yatsika, zonse zimayambira limodzi: kutikita chiberekero mpaka chilimbe, oxytocin (jakisoni wothandiza chiberekero kudzikoka), tranexamic acid (mankhwala othandiza kuti magazi asiye kutuluka) galamu imodzi mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10, dripu, ndi kufufuza komwe magazi akuchokera. Nthawi zambiri chimakhala chiberekero chomwe sichinadzikoke, koma pena kachidutswa ka nsengwa katsalira, kapena mayi wang'ambika. Chikhodzodzo chodzaza nacho chimalepheretsa chiberekero kulimba, ndiye mkodzo uchotsedwe. Tranexamic acid amathandiza akaperekedwa pasanathe maola 3 mwana atabadwa.

Mzamba mmodzi sangachite zonsezi, ali ndi manja awiri basi. Funsani kuti usiku akakuwa, amabwera ndani, ndipo amatenga mphindi zingati.

Wosunga_Mankhwala

Ndionjezereko za mankhwala, chifukwa apa komiti ingathe kuona ndi maso ake.

Mayi aliyense amayenera kubayidwa oxytocin, mayunitsi 10, pasanathe mphindi imodzi mwana atabadwa, mzamba atatsimikiza kuti mulibe mwana wachiwiri m'mimba. Koma oxytocin amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Akakhala nthawi yaitali m'kabati yotentha, monga mmene kumatenthera ku Nsanje kapena ku Salima mu Okutobala, mphamvu yake imachepa, koma kabotolo kamaoneka chimodzimodzi. Mzamba amabaya ndi mtima wonse, chiberekero osalimba.

Pemphani akutsegulireni firiji. Onani ngati oxytocin alimo, onani tsiku lotha ntchito, ndipo onani pepala lolembapo kazizidwe. Liyenera kulembedwa kawiri patsiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Mukapeza manambala ofanana mwezi wonse, olembedwa ndi cholembera chimodzi, funsani bwino. Ngati firiji ndi imodzi yokha ya katemera, WHO ndi UNICEF adavomereza mu 2015 kuti oxytocin angasungidwe momwemo, bola akhale m'kabokosi kakekake kolembedwa bwino, kuopa kusokoneza ndi katemera.

Misoprostol, mapiritsi amene nawonso amathandiza chiberekero kudzikoka, safuna firiji, n'chifukwa chake ndi wofunika komwe magetsi amavuta. Mdani wake ndi chinyezi, choncho mapiritsi asamachotsedwe m'pepala lake la aluminiyamu mpaka nthawi yomwa. Amabweretsa kunjenjemera ndi kutentha thupi kwa kanthawi, agadiyani asadabwe.

China: mankhwala angakhalepo koma atatsekeredwa kusitolo, kiyi ali ndi munthu amene wapita kunyumba. Bokosi la zangozi likhale m'chipinda chochiliramo, muli dripu, makanula aakulu (singano zolumikizira dripu), magolovesi, kapaipi kochotsera mkodzo ndi tranexamic acid, ndipo lizionedwa pakusinthana kulikonse.

Wakomiti_Yachipatala

Izi ndiye zogwirika, zikomo kwambiri. Nanga zonsezo zikachitika magazi osasiya?

Kiliniko_Waboma

Pamenepo mayi atumizidwe msanga, chifukwa chipatala chaching'ono chilibe fiyeta kapena magazi oonjezera. Mayi wotaya magazi kwambiri angathe kutisiya m'maola awiri okha ngati sathandizidwa. Ndiye werengani nokha: kuimba foni, ambulansi kufuna mafuta, ulendo wobwera, ulendo wobwerera, mlatho wokokoloka nthawi ya dzinja. Maola awiri aja atha.

Ambulansi iitanidwe thandizo likangoyamba, osati likalephera. Kuibweza panjira n'kosavuta. Mayi anyamuke dripu ikuyenda, atafunditsidwa, mzamba akhale naye kumbuyo akupanikiza chiberekero ndi manja, osati kutsogolo ndi dalaivala. Komwe kuli chovala chothina cha NASG, chomwe chimamangidwa kuyambira kumiyendo mpaka pamimba, achivale asananyamuke ndipo asavulidwe panjira. Kalata ilembedwe nthawi yomwe mwana anabadwa, magazi otayika, mankhwala operekedwa ndi nthawi yake. Foni ifike kuchipatala cha boma kuti alabu ayambe kukonza magazi. Achibale athanzi apite nawo, chifukwa magazi a Malawi Blood Transfusion Service amachepa sukulu zikatsekera, poti ambiri opereka ndi ophunzira.

Komiti ifunse izi: foni ya kumateneti ili ndi mayunitsi? Ambulansi itaitanidwa komaliza inafika patatha nthawi yanji? Zimalembedwa penapake?

Pa mfundo ya amayi azamba ija ndionjezere maola awiri oyamba mayi akachira. Aziyezedwa mphindi 15 zilizonse: chiberekero, magazi, kugunda kwa mtima. Koma mzamba akakhala yekha, wina akubereka, wochira kale amasiyidwa pabedi atafunda. Gadiyani aphunzitsidwe kugwira pansi pa mchombo. Chiberekero chikhale cholimba ngati mpira, chikafewa atikite uku akuitana. Chitenje chikanyowa msanga, kapena mayi akati akumva chizungulire ndi ludzu, asaope kudzutsa mzamba.

Mlangizi_Wazaumoyo

Bambo, musaiwale kuti amayi safika kumateneti ali ofanana. Mayi amene magazi ake ndi ochepa kale chifukwa cha malungo, njoka zam'mimba kapena kusowa chakudya, hafu lita yomwe mnzake angaipirire iye imamugwetsa. Amenewa ndi omwenso amakhala kutali ndipo amayamba sikelo mochedwa. Funsani ngati kusikelo akuyeza kuchuluka kwa magazi, ngati mapiritsi oonjezera magazi ndi Fansidar alipo, komanso ngati amayi a pathupi pachisanu, a mapasa ndi amene anatayapo magazi kale akuuzidwa msanga kuti akachirire kuchipatala cha boma.

Kuchidikiro nako pitaniko. Mayi amafunika ufa, nkhuni, ndiwo ndi munthu wotsala ndi ana kunyumba kwa milungu ingapo. Wosauka amabwerera kumudzi ufa ukatha. Ena amachita manyazi kubwera chifukwa alibe zitenje zatsopano, beseni ndi pepala lapulasitiki zomwe anauzidwa kusikelo. Ndipo chindapusa cha mbuzi kapena ndalama chomwe mafumu ena amalipiritsa wochirira pakhomo chimachititsa kuti mayi amene wachirira panjira abisale m'nyumba akutaya magazi, kuopa mlandu. Komiti ikambirane ndi mafumu kuti mayi wotere azithamangira naye kuchipatala popanda kumufunsa za chindapusa.

Ngati chipatala chapafupi ndi cha mishoni, fufuzani ngati chili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi makanda asamalipire, ndipo ngati ulipo, ulengezedwe m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pamisonkhano ya mfumu. Mabanja ambiri amalambalala chipatala chapafupi poopa bilu yomwe sakanalipira n'komwe.