Zowonjezera pa funso la mchenga wokankhidwa mobwerezabwereza

Funso lija linali lakuti, n'chifukwa chiyani masampulo awiri a mchenga umodzimodzi, othinana mofanana, amapirira mosiyana akamakankhidwa mobwerezabwereza m'makina a triaxial, omwe amayesa kulimba kwa dothi polipanikiza mbali zonse. Tsopano zaoneka kuti gwero lake ndi kakonzedwe ka sampuloyo. Mchenga wotsenderedwa uli wonyowa umapirira kukankhidwa maulendo ambiri, usanafooke n'kukhala ngati phala, kuposa wothiridwa kuchokera m'mwamba uli wouma, chifukwa timchengato timagwirana mosiyana, monga momwe wofufuza wina dzina lake Mulilis ndi anzake anasonyezera mu 1977. Mpweya wotsalira m'mipata nawonso umanamiza kwambiri, pakuti umachedwetsa kukwera kwa mphamvu ya madzi m'kati mwa mchengawo. N'chifukwa chake timayamba tapititsamo mpweya wa carbon dioxide, womwe umasungunuka msanga m'madzi, tisanadzazemo madzi, ndipo sitiyesa mpaka muyezo wa B, wosonyeza mmene madzi adzazira m'mipata ya mchenga, utafika pa 0.95. Poyerekeza zotsatira tikuwerengera maulendo 15, omwe amaimira chivomerezi cha mphamvu ya 7.5.