Kaphokoso ka "ding" kakundisowetsa mtendere ndikamakonza zithunzi

WaMaLogo: Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndikamakonza zithunzi kamangolira kaphokoso kaja ka "ding", mwina kasanu pa mphindi imodzi, koma pa sikirini palibe uthenga uliwonse. Usiku ndimagwira ntchito nditavala mahedifoni, ndiye kakalira kamachita kulasa m'khutu. Mu Preferences ndafufuzamo mpaka kutopa. Ndili pa Windows 11.

Kapensulo: Ngati ndi Photoshop, dinani Ctrl+K, pa General pali Beep When Done. Chotsani chizindikiro pamenepo.

WaMaLogo: Ndinayambira pomwepo achimwene. Mposachonga kale.

MkuluWaZosindikiza: Kameneko ndi kena, kamalira ntchito yotenga nthawi ikatha, monga fyuluta yolemera. Kanuko simukapeza m'pulogalamu yojambulira chifukwa si kake. Pulogalamu imangouza Windows kuti "lizani belu", ndipo belulo ndi la Windows. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe mmsys.cpl, kenako Enter. Pitani pa Sounds. Pa mndandanda wa Program Events pezani Default Beep, mudine Test kuti mumve ngati ndi komweko. Ngati ndi komweko, m'kabokosi ka m'munsi sankhani None, kenako Apply. Sipafunika kuyatsanso kompyuta.

Kapensulo: Bwanji osangoika Sound Scheme pa No Sounds, zonse zikhale zii? Ine ndinatero kalekale.

MkuluWaZosindikiza: Zimatheka, koma ine sindingakulangizeni zimenezo. Pa mndandanda womwewo pali Low Battery Alarm ndi Device Disconnect. Tsiku lina chingwe cha disiki yakunja chidzasolokera pakati mukusunga fayilo ya kasitomala, inu osamva kanthu. Thimitsani kokhako kakukuvutaniko.

MayiWaMabuku: Pepani ndilowerereko. Kuthimitsa n'kwabwino, koma belulo likulira chifukwa pali batani lomwe mwadina ndipo silinagwire ntchito. WaMaLogo, kodi kamalira nthawi iti makamaka? Mukangomaliza kukulitsa chithunzi ndi Alt ndi kagudumu ka mawusi? Kapena mukatola mtundu ndi Alt muli pa burashi?

WaMaLogo: Eee, mayi! Mwadziwa bwanji? Ndikakulitsa, kenako n'kudina B kuti ndibwerere ku burashi, pomwepo ding.

MayiWaMabuku: Ndinavutika nako chaka chathunthu, ndiye ndimakadziwa. Pa Windows, mukadina Alt payekha n'kumusiya, kiyibodi imasamukira ku mzere wa pamwamba uja wa File, Edit, Image. Yang'anitsitsani, muona File atawala pang'ono. Ndiye chilembo chomwe mudine pambuyo pake chimakafuna menyu, osati chida. V amatsegula View m'malo mokupatsani chida chosunthira. B alibe menyu yake, n'chifukwa chake belu limalira. Ife okonza zithunzi chala chimakhalira pa Alt tsiku lonse, ndiye kumugunda mwangozi n'kosavuta, makamaka mukamusiya mochedwa kagudumu katayima kale.

Mukathimitsa Default Beep osadziwa zimenezi, phokoso litha koma B azikanabe mwakachetechete, inu n'kumaganiza kuti kiyibodi yafa. Zikachitika dinani Esc kapena Alt kachiwiri, mubwerera ku chithunzi. Komanso mu Preferences, pa Tools, chongani Zoom with Scroll Wheel kuti muzikulitsa ndi kagudumu kokha popanda Alt.

Mzerewoongoka: Pamenepo mwatiphunzitsa mayi. Ndionjezereko za Shift, poti nayenso timamupanikiza kwambiri pojambula mizere yoongoka. Mukamudina kasanu motsatizana, Windows imalira n'kufunsa za Sticky Keys, thandizo la ovutika kudina mabatani angapo nthawi imodzi. Mukagwira Shift wa kumanja masekondi 8 imabwera Filter Keys, yomwe imanyalanyaza kudina kofulumira kapena kobwerezabwereza. Kulira kwake n'kosiyana ndi ding, koma ambiri amasokoneza. Njira zachidule zimenezi zimathimitsidwa ku Settings, Accessibility, Keyboard.

WaApulo: Kwa anzathu a Mac amene adzawerenge izi: System Settings, Sound, tsitsani Alert volume mpaka kumapeto. Nyimbo zanu sizikhudzidwa. Pa makina omwe sanafike pa mtundu wa macOS wotchedwa Ventura dzina lake ndi System Preferences. Ngati mukufunabe chenjezo, ku Accessibility, pa Audio, mungasankhe kuti sikirini iziphethira m'malo molira. Ine ndinayesa, maso anandikana patatha masiku awiri, koma ena amakonda.

WaMaLogo: Ndayesa zonse tsopano. Test pa Default Beep analiza komwe kaja ndithu. Ndadina Alt dala kenako B, File anawaladi, ding n'kulira. Zoom with Scroll Wheel ndachonga. Belulo sindinalithimitse kaye, ndangotsitsa System sounds mu Volume mixer kuti lisamandidzidzimutse, ndione sabata ino ngati chala chiphunzire. Zikomo kwambiri mayi, zikomo akulu.

MayiWaMabuku: Chala cha kumanzere sichimva msanga. Likaliranso Lachisanu, ikani None basi.