Zimene tapeza pa funso la mavitamini ndi mitsempha ya m'maso

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati mavitamini a m'chakudya angateteze mitsempha ya mkati mwa diso, popeza amayi anga, amene amadwala matenda a shuga, anayamba kuona mwachimbuuzi. Tsopano tapita nawo kuchipatala cha maso kuno ku Lusaka, ndipo ndaona kuti n'koyenera kukudziwitsani.

Adokotala atawayeza magazi anapeza kuti vitamini B12 ndi wochepa m'thupi mwawo. Anatifotokozera kuti mankhwala a matenda a shuga otchedwa metformin, amene amayi amamwa, munthu akawamwa kwa zaka zambiri, amatha kuchepetsa mphamvu ya matumbo yoyamwa vitamini ameneyu, ndipo akasowa kwa nthawi yaitali, mtsempha wotenga uthenga kuchokera m'diso kupita ku ubongo umafooka. Vitaminiyu amapezeka m'nyama, chiwindi, mazira, mkaka ndi kapenta, koma osati m'ndiwo zamasamba zimene amayi amadalira kwambiri. Panopa akulandira jakisoni wake, ndipo metformin sanasiye.

Vitamini A ndi amene amathandiza diso kuona kukada. Shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitaminiyu kuyambira 1998, koma kwa wodwala ngati amayi njira imeneyo si yabwino, choncho tikuwaphikira chibwabwa, bondwe ndi mbatata yofiira mkati pang'ono.

Chimene chandikhudza n'chakuti mavitamini sangakonze timitsempha ta magazi timene shuga wawononga kale m'diso. Adokotala atiuza kuti amayi aziyezedwa maso chaka chilichonse, ngakhale pamene akuona bwino.